Ba Natu, Mmwenye Amene Sanalire Mkazi Wake

Mlamu wanga, Ba Natu, ndi munthu wovuta kumulira. Atisiya mwezi wathawu, ndipo nthawi iliyonse misozi ikayamba kulengeza m'maso mwanga ndimamva mawu awo osasa aja akundifunsa kuti, "Manje mulamu, amene alila ni ndani?" Funso limeneli anandifunsa kwa zaka zoposa makumi anayi: ndikapsa mtima, ndikadwala dzino, ngakhale tsiku limene akuba anandithyolera nyumba. Ndinkawayankha kuti amene akulira ndine Tisa, mng'ono wa mkazi wanu, ndipo mukapitiriza ndikuthirani madzi otsukira mbale. Iwo ankangoseka. Ndikulemba izi chifukwa mu Livingstone muno alipobe anthu amene amawakumbuka ndi mbiri imodzi yokha, yakuti ndi Mmwenye uja amene sanagwetse msozi pamaliro a mkazi wake. Mbiriyo ndi yoona. Koma ine ndinalipo, ndipo mbali ina ya mlanduwo ndi yanga.

Anabadwira konkuno, kuseri kwa sitolo ya nsalu ya bambo awo, kufupi ndi njanji. Abale awo onse anali anthu a malonda, ndipo m'kupita kwa nthawi anasamukira kutsidya kwa nyanja mmodzimmodzi. Iwo malonda anawakanika. Chimene manja awo ankadziwa ndi kukonza makina osokera, ndipo panalibe telala wa ku Maramba Market amene sanawaitanepo. Anali aafupi, oonda, a dazi lowala, ovala jasi la khaki ngakhale mu Okutobala pamene dzuwa la kuno limafuna kuphika munthu. Ankayenda pa njinga yakuda yokhala ndi bokosi la matabwa kumbuyo. Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi ankalankhula ngati mwana wa m'komboni. Chigujarati, chinenero cha kwawo, ankachisungira makina ovuta, ndipo sindikhulupirira kuti mawu amene ankawauza makinawo anali a pemphero.

Mkulu wanga Esinati ankagwira ntchito yotayipa ku boma. Anapita kwa iwo ndi makina a mayi athu opukusa ndi dzanja, amene ankadumphitsa ulusi. Makinawo anatenga miyezi itatu kuti akonzeke, ngakhale Ba Natu ankatha kukonza vuto lotero madzi a tiyi asanawire. Nkhani ya chibwenzi chawo itamveka, bambo awo anawauza kuti asankhe pakati pa mkaziyo ndi banja lawo. Kwathu ku Katete nakonso sikunali kosavuta. Mlongo wathu wamkulu, a Yelemiya, ndiwo anatilera bambo atamwalira, ndipo anagulitsa ng'ombe zawo kuti Esinati aphunzire. Iwo anati Amwenye sakwatira akazi athu, amangobwereka. Awiriwo anakwatirana ku boma komweko, nakakhala ku Dambwa North, kumene Ba Natu anali Mmwenye yekhayo m'dera lonselo. Mwana sanapatsidwe. Esinati analira nazo zimenezi zaka zambiri, koma amuna ake sanatchulepo za mkazi wina ngakhale mocheza.

Chikhulupiriro chawo ankachitchula kuti adivaita, ndipo ankati tanthauzo lake ndi lakuti palibe ziwiri. Anachiphunzira ali mnyamata kwa nkhalamba ina yoyendayenda ya ku India, imene inagona kuseri kwa sitolo yawo dzinja limodzi lonse. Mmene ine ndinamvera, ndipo ndine mayi wa kumpingo, osati katswiri wa za Chihindu, nkhani yake ndi iyi. Chimene chimati "ine" mwa munthu si thupi, si dzina, si maganizo ake, chifukwa zonsezi munthu amatha kuziona zikubwera ndi kupita. Chimene chimaonacho sichibadwa ndipo sichifa, komanso sichili chosiyana mwa ine ndi mwa inu. Chimenecho ndiye Mulungu mwiniwake, osati Mulungu wokhala kutali kudikira kuti timufike. Choncho ntchito ya munthu padziko si kusanduka chinthu china, koma kuzindikira chimene ali kale.

Tsiku lina anandionetsa zimenezi pa makina. Anatenga ulusi pa mpukutu, nakulunga wina pa bobini, kachitsulo kaja kamene kamakhala pansi pa singano. Atasoka kansalu anandifunsa kuti maulusi ndi angati. Ndinati awiri, wapamwamba ndi wapansi. Anati ndawaona ndekha akuchokera pa mpukutu umodzi, ndipo akuoneka awiri kuti nsalu isokeke basi.

"Ndiye mufuna kukamba kuti imwe ndimwe Mulungu?" ndinawafunsa.

"Ee. Na imwe. Na imbwa ija ya ba neba," anatero akuloza galu wa aneba.

"Mulungu wabwanji wa dazi, amene njinga yake iponcha daily?"

"Njinga ni ya Natu, mulamu. Natu ni wosauka maningi."

Tinkakangana chonchi pafupifupi Lamulungu lililonse ndikachoka ku tchalitchi. Ine ndinkawauza kuti Mlengi ndi Mlengi, cholengedwa ndi cholengedwa, ndipo tsiku la chiweruzo adzaona okha kuti alipo awiri, woweruza ndi woweruzidwa. Sanayesepo kunditembenuza. Esinati ankamuperekeza ku tchalitchi pa njinga, namudikira panja pamthunzi mpaka mapemphero atatha.

Musaganize kuti anali mngelo. Nyama sankadya, mphemvu ankazinyamula ndi pepala kukazitaya panja, aliyense ankamupatsa moni atagwirizanitsa zikhatho pachifuwa, kaya ndi bwana wa hotela kaya ndi wokankha wilibala. Koma apeze telala wathira saladi, mafuta ophikira, m'makina m'malo mwa oyilo! Msika wonse unkamva. Tsiku lina anamukalipira bambo wina wa Chilozi mpaka bamboyo anavula chisoti. Madzulo ake ndinawafunsa kuti popeza palibe awiri, kodi si iwo omwe anathira saladiyo? M'mawa mwake anapalasa njinga kukapepesa, ndipo atatha kupepesako anayambiranso nkhani ya saladi kuchokera pachiyambi.

Chofooka chawo chachikulu chinali pamaliro. Ankatha kufika kwa mayi amene wangotaya mwamuna, namuuza ndi mtima wonse kuti asadandaule chifukwa palibe amene wafa. Ankanena mwachikondi, koma mawu otero pamaliro amagwa ngati mwala m'chitsime. Esinati anachita kuwaphunzitsa kuti akafika pa siwa azikhala ndi azibambo panja, aziwaza nkhuni, pakamwa azitseka.

M'nyumba mwawo munali kachipinda kakang'ono kamene ena akanasungiramo makala. M'mawa uliwonse, asanamwe tiyi, Ba Natu ankalowamo ndi kukhala chete pafupifupi ola lathunthu. Ankati amakhala akufunsa funso limodzi, loti ine ndine yani, mpaka maganizo atatopa ndi kuyankha. Ine sindinalowemo, ndipo sindinagonepo kwawo kuti ndione za m'mawa. Chaka china nditapita ku Katete, achimwene a Yelemiya anandifunsa za moyo wa Esinati. Ndi pakamwa panga posatsekapa, ndinati ali bwino, kungoti amuna ake ali ndi kachipinda kawo kotseka, mwina ndimo amasungira ndondocha. Azimayi amene analipo anafa nako kuseka. Achimwene sanaseke, koma ine sindinalabadire.

Esinati anamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, atagona zaka ziwiri mbali imodzi ya thupi itafa. Zaka ziwiri zimenezo Ba Natu anaimika njinga. Ankamusambitsa okha, kumutembenuza, kumudyetsa ndi sipuni, kumuchapira zonse zimene munthu wodwala chotero amaipitsa. Ife amayi a kumpingo tikafuna kuwalandira, ankatilola kusesa pabwalo basi. M'zaka ziwiri zonsezo mkulu wanga sanatuluke bala ndi limodzi lomwe la pamsana, ndipo aliyense amene anadwazikapo akudziwa kulemera kwa mawu amenewa.

Maliro tinayala monga mwa nthawi zonse. Mipando inatuluka, azimayi tinakhala pansi m'nyumba, azibambo panja pansi pa tenti. Mwini maliro anakhala pampando msana uli chilili, nkhope ili phee, ngati munthu wodikira basi imene akudziwa kuti ibwera. Aliyense wofika ankamulandira ndi zikhatho zija. Chingwe cha tenti chitamasuka anadzuka kukachimanga. Sananene kwa wina aliyense kuti palibe amene wafa, phunziro la Esinati analisunga, koma maso awo anali ouma gwa. Pofika madzulo a tsiku loyamba manong'onong'o anali atazungulira kale nyumba yonse.

Achimwene anafika tsiku lachiwiri masana, atayenda ulendo wonse wa kummawa pa basi. Anayamba kulira ali pa geti, kulira kwa mwamuna wamkulu. Ba Natu anapita kukawachingamira, nawafunsa modekha kuti, "Mwayenda bwanji, ba mulamu bakulu?" Ndinaona nkhope ya achimwene ikusintha.

Sipanapite nthawi, anandiitanira kuseri. Anawerenga pa zala zawo: banja lopanda mwana, mwamuna wosala nyama, chipinda chotseka chimene ine ndemwe ndinawauza, matenda oumitsa ziwalo, ndipo tsopano maso ouma. Anati munthu amene wadya mkazi wake ku mankhwala amaletsedwa kulira. Ndinayesa kunena kuti wokhwima wanji woyenda pa njinga ya dzimbiri, koma anandidula. Iwo ndiwo anali mwini mbumba, ndipo analamula kuti thupi lipita kwathu ku Katete, Mmwenyeyo sakwera nawo. Esinati ndi amuna ake anali atagwirizana kale kuti adzaikidwa konkuno, kumene Ba Natu akanatha kumapalasa njinga kukamuona. Tsopano anali pafupi kulandidwa osati manda okha, komanso dothi lija limene mwamuna amaponya pa bokosi la mkazi wake.

Ba Natu ndinawapeza pa mpopi kuseri kwa nyumba akutsuka makapu a alendo.

"Ba mulamu, lilani chabe," ndinawachonderera. "Olo ya boza. Ngenani munyumba, mugwe pansi, mupunde kamozi chabe. Nizakupasani anyezi mupake mumenso."

"Esinati sininamunamizepo ali moyo. Niyambe lelo?"

"Bazamutenga! Simuzaona na manda yake."

Anaika kapu pansi.

"Nifuna kumushika mumanda, mulamu. Nifuna maningi. Koma nikayangana mukati, sinipeza kuti achokapo. Nizalila bwanji muntu amene sininasobe?"

Ndinawatukwana mumtima. Ndinaona ngati akukonda nzeru zawo kuposa mkulu wanga.

M'mawa wa tsiku lachitatu achimwene anati chipinda chitsegulidwe. Tinalowa asanu: iwo, akulu a mpingo awiri, ine ndi Ba Natu. Chitseko sichinali chokhoma n'komwe. Munali kanyali kakang'ono ka mafuta pansi, ndi timikeka tiwiri toyalidwa moyandikana. Pa kamkeka kachiwiri panali Baibulo la Esinati, magalasi ake ali pamwamba. Achimwene anatukula timikeka, anagogoda simenti ndi ndodo, anasuzumira kudenga. Munalibe china chilichonse, ngakhale chithunzi.

Mmodzi wa akulu a mpingo anafunsa za Baibulolo. Ba Natu anafotokoza kuti Esinati ankakhala nawo mmenemo m'mawa uliwonse kwa zaka zoposa makumi atatu, iye akuwerenga buku lake chamumtima, iwo ali chete, ndipo atadwala ankachita kumunyamula kudzamutsamiritsa kukhoma. Ine, mng'ono wake amene ndinkadzitama kuti ndimadziwa zonse za iye, sindinkadziwa zimenezi. Ndinachita manyazi, ndipo ndisabise, ndinachitanso nsanje.

Achimwene sanakhutire. Kusapeza kanthu kunawakwiyitsa kuposa mmene kukanawakwiyitsira kupeza nsupa.

"Nanga mulungu wanu amene mumapembedza muno ali kuti?" anafunsa.

Ba Natu anagwirizanitsa zikhatho, nawerama pamaso pa achimwene.

"Ali apa. Anikalipila," anatero. "Ba mulamu bakulu, mwalila kuchokela mailo pamene munafika. Nakumvelani. Sininamvele monga ni muntu wina amene alila. Chikondi chamene chikubabani, ndiye chamene chili na muli ine."

Ndikhulupirira kuti pa moyo wawo wonse sananenepo mawu ochokera pansi pa mtima kuposa amenewa. Koma kwa munthu amene waferedwa mlongo wake, anamveka ngati chipongwe.

"Mlongo wanga wafa, inu mukusewera ndi mawu," anatero achimwene. Anatola Baibulo ndi magalasi natuluka.

Lole yopita ndi maliro ku Katete inanyamuka dzuwa lili pamutu. Ba Natu anathandiza kukweza bokosi, ndipo anayendera mfundo zonse za zingwe imodziimodzi kuti lisagwedezeke panjira. Kenako anatsika, nakaima pa geti. Ine ndinali pamwamba pa lole pamodzi ndi abale. Ndikanatha kutsika. Ndikanatha kuimirira ndi kunena kuti za ndondocha zija ndinapeka ine pofuna kuseketsa anthu, ndi kuti munthu uyu anachapa matewera a mlongo wathu zaka ziwiri. Ndinaopa achimwene, ndinaopanso kuti anthu anganene kuti nane ndadya nawo. Ndinafunda chitenje kumutu, lole n'kukhota.

Mbiri inafalikira mpaka ku Maramba. Atelala ena anasiya kuwaitana, ndipo ana ankathawa njinga yawo ikatulukira. Ambiri anabwerera patapita miyezi, osati chifukwa cha chisoni, koma chifukwa panalibe wina wodziwa makina ngati iwo. Sanadandaulepo, ndipo achimwene sanawanenere choipa. Nditabwerako ku Katete anandifunsa funso limodzi lokha, lakuti pamandapo pali mthunzi kapena ayi. Ndinawauza kuti pali mtengo wa msuku. Anagwedeza mutu, napitiriza kupukuta sipanala.

Patapita miyezi inayi, Loweruka lina masana, ndinawapititsira ndiwo zamasamba. Ndili pa geti ndinamva kulira, ndipo ndinaganiza kuti kwa aneba kwagwa zovuta. Anali iwo. Anali atakhala pansi pakhonde, miyendo atatambasula ngati mayi wa kumudzi, akulira mokweza mpaka mamina. Pa tebulo panali makina a munthu wina amene ankakonza. Anali ndi thumba la tizidutswa ta nsalu toyesera makina akatha kukonza, ndipo tsikulo anatolamo kamodzi osayang'ana, nasokapo mzere wonse. Atakachotsa pansi pa singano ndi pamene anaona kuti ndi kachidutswa ka diresi yakale ya Esinati, yobiriwira, imene ankavala popita ku ntchito.

"Nalepela, mulamu," anatero atandiona. "Zaka fifite nili kunkala chete. Nalepela."

Ndikanayenera kuwagwira dzanja. M'malo mwake ndinaponya ndiwo pansi.

"Manje? Manje ndiye mulila, pamene kulibe na muntu wokuonani? Misozi iyi sembe inakukwezani pa lole!"

"Niziba," anatero, napitiriza kulira.

Ndinakhala pansi pambali pawo, tinalira tonse mpaka mthunzi wa nyumba unafika pa geti. Kenako ndinawaphikira tiyi.

Patapita masabata angapo anandiuza zimene anapeza. Anati pamaliro paja sananame, analidi kuona kuti chimene chinali mwa Esinati sichinapite kulikonse. Koma panalinso Natu, nkhalamba imene yataya mkazi wake, ndipo iwo anamutsekera kunja nkhalambayo poganiza kuti munthu wozindikira sayenera kumva kuwawa. Anati kumeneko kunali kunyada, komanso kunali kupanga ziwiri pamene palibe ziwiri: wanzeru mkati, wolira panja. Tsiku la kansalu lija, ali mkati molira, anaona kuti chija chimene amachifunafuna m'mawa uliwonse chinalipo ndithu, chili phee, chosachita manyazi ndi misozi ya Natu. Anati zimene zaka makumi asanu za kukhala chete sizinawaphunzitse, anawaphunzitsa Esinati ndi diresi yake.

Ndinati ndiimba foni ku Katete tsiku lomwelo kuti achimwene amve. Anandiletsa.

"Misozi si tiketi ya basi, mulamu. Musabauze."

Ndinamvera, ndipo kumverako kunali kosavuta kwa ine, chifukwa kuulula misozi yawo kukanafuna kuti ndiulule ndi bodza langa lomwe. Chimene ndinaona n'chakuti kuyambira pamenepo anasintha pamaliro. Ankapita kwa woferedwayo, nakhala naye pansi, namugwira dzanja nthawi yaitali osanena kanthu. Amasiye ambiri a ku Dambwa North amawakumbuka chotero. Funso lawo lija sanasiye kundifunsa, koma ankayamba adikira kuti ndimalize kulira.

Anamwalira Lachiwiri m'mawa, atadwala chifuwa sabata imodzi. Ndinaimba ku Katete mongokwaniritsa mwambo, ndinauza mwana wa achimwene, ndipo foni ndinaiponya m'chikwama momwe inazimira. Pamaliro ndani amakumbuka kutchaja foni? Mabanja ochepa a Amwenye amene atsala m'tauni muno anabwera okha osaitanidwa, ana ndi adzukulu a anthu omwe aja amene anawasala kale. Ba Natu anali atasiya pepala lonena kuti thupi lawo lidzawotchedwe monga mwa mwambo wa kwawo, ndipo kwa Ahindu maliro sachedwa. Lachitatu tinawaperekeza. Atelala a ku Maramba anatseka makina awo tsiku lonse, ndipo amayi a kumpingo kwathu anaima chapatali n'kuimba nyimbo zathu, popanda wowaletsa. Lachinayi m'mawa tinapita ndi phulusa ku Zambezi, kumtunda kwa mathithi. Popeza panalibe mwana, anandipatsa ine kuti ndithire m'madzi.

Nditafika kunyumba ndinatchaja foni. Isanathe ndi mphindi zomwe inalira. Anali mwana wa achimwene.

"Azakhali, mwafika pati? Manda takumba kale kuno."

Ndinafunsa kuti manda a yani. Anati achimwene atangomva za imfayo analamula kuti alamu awo abwere adzagone pambali pa Esinati. Ananditumizira uthenga Lachiwiri lomwelo, ndipo foni itapanda kuyankhidwa anaganiza kuti tili panjira. Anawerenga masiku a ulendo, ndipo m'mawa umenewo adzukulu anakumba. Kwathu palibe amene akanaganiza kuti munthu angamwalire Lachiwiri n'kukhala atatha kale Lachinayi, abale asanasonkhane.

Ndinapita ku Katete sabata yotsatira. Achimwene tsopano ndi nkhalamba yotheratu, maso anachita khungu. Ndinawafunsa chimene chinawatembenuza mtima. Anati alamu anga, akazi awo, atamwalira zaka zitatu zapitazo, iwo anakhala pa siwa ngati chitsa. Anafunafuna msozi osaupeza, mwezi wathunthu, ndipo ankamva anthu akunong'ona kumbuyo kwawo. Kuyambira pamenepo timikeka tiwiri tija sitinawachoke m'maganizo. Ankafuna kutuma mawu ku Livingstone, koma chaka chilichonse ankati chaka chamawa.

"Tisa, undiuze zoona," anatero. "Kodi munthu uja analira?"

Ndinawauza zonse: za kansalu kobiriwira, za pakhonde, za kundiletsa kwawo. Ndinawauzanso kuti za ndondocha zinali nthabwala zanga, ndi kuti pa lole paja ndinadziwa choonadi koma ndinafunda chitenje. Sanandikalipire. Anangoti, "Tonse awiri tinamulakwira," napempha kuti ndiwagwire dzanja tipite kumanda.

Kwathu dzenje la manda siligona lapululu. Mtembo ukapanda kufika amaikamo thunthu la nthochi n'kukwirira, ndipo ndi zimene anachita Lachinayi lija madzulo. Choncho pambali pa Esinati pali mtumbira watsopano wa dothi lofiira, wotalika bwino, wokonzedwa mosamala ngati wa munthu wolemekezeka. Palibe mtanda, chifukwa anasowa chizindikiro choyenera kuikapo, ndipo palibe dzina. Pansi pake palibe fupa, palibe phulusa, palibe ngakhale batani la jasi lawo. Achimwene anagwada movutikira, napapasa dothilo ndi manja mpaka anapeza pamene pakanakhala mutu, ndipo anakhala pomwepo nthawi yaitali. Analamula kuti pamalopo pasadzaikidwe munthu wina. Ana akamasesa pa Esinati amasesanso pamenepo, ndipo mlendo akafunsa kuti apa pagona yani, amayankha kuti ndi amuna awo a agogo Esinati.